Magalasi a Aroma ku British Museum

Ambiri akalowa mu British Museum ku London amathamangira kukaona mitembo youmika ya ku Egypt. Ine nditatsika sitima yapansi panthaka pa Tottenham Court Road ndinalunjika kuchipinda cha Aroma, komwe kuli mtsuko wagalasi wotchedwa Portland Vase. Pakhomo salipiritsa, amangosecha chikwama.

Mtsukowo mbiri ndiyo yaikulu, koma msinkhu ndi masentimita 25 chabe. Unapangidwa cha m'nthawi ya Mfumu Augustus. Mmisiri anakuta galasi labuluu ndi lina loyera, wosema n'kumapala loyeralo pang'onopang'ono mpaka panatsala zithunzi za anthu. Mu 1845 chidakwa china chinauphwanya mu British Museum momwemo, ndipo akatswiri anachita kuulumikiza. M'chipinda china ndinaona Lycurgus Cup ya m'zaka za m'ma 300, chikho chobiriwira chimene chimafiira kuwala kukadutsamo, chifukwa m'galasimo muli timadontho ta golide ndi siliva tosaoneka ndi maso.

Komatu pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa timabotolo wamba ta mafuta onunkhira, tina topindika khosi, timene alendo anzanga ankangotilambalala.

Poyamba galasi linali la olemera, chifukwa mmisiri ankalikulunga pa chibuma chadothi n'kudzakolopola dothilo galasi litazizira. Zinasintha cha m'ma 50 Yesu asanabadwe, pamene amisiri a ku Syria ndi Palestine anatulukira zouzira. Ankatapa galasi losungunuka kumapeto kwa paipi, n'kuuzira mpweya kwinaku akupotokola. Likatupa, botolo latheka. Ena ankauzira m'chikombole kuti lituluke ndi maluwa kapena dzina, ngati Ennion, amene dzina lake likadalipo pa zikho zake.

Galasi lenilenilo ankaliphika m'ng'anjo zikuluzikulu ku Egypt ndi kugombe la Palestine, posakaniza mchenga ndi natron, mchere wonga soda yothira m'therere, umene ankakumba ku Wadi Natrun, ku Egypt komweko. Likauma ankaliswa m'zibenthu n'kutumiza pa zombo kwa amisiri a m'mizinda yakutali, amene ankangolisungunulanso. Kubiriwira kwa timabotoloto si utoto ayi, ndi chitsulo chimene chinali mumchenga.

Ngakhale losweka silinkatayidwa. M'misewu ya Rome munkayenda amalonda osinthanitsa magalasi osweka ndi timitengo ta sulufule toyatsira moto, ndipo zibenthuzo zinkabwerera m'ng'anjo.