Okumba Zitsime a Kwathu

Kwathu ku Mponela wokumba chitsime amalipidwa potsata kuya kwa dzenje. Akatsika kwambiri ndalamanso zimachuluka, koma palibe amene amamulipira chifukwa chotchinjiriza makoma. Nanga atayirenji tsiku lathunthu kudula mitengo ya bulugamu ndi kukhoma matabwa?

Malume anga adagwira ganyu ameneyu zaka zambiri, ine ndikuwakokera ndowa pa tchuthi. Iwo ankati dothi lili ndi mitima yosiyana. Katondo wa kumtunda amaima yekha ngati khoma la njerwa. Makande a m'dambo ndiwo achinyengo: mu Okutobala amauma gwa, ming'alu ili yasa, koma mvula ikangoloŵa m'ming'alumo chigulumwa chonse chimatsetsereka. Woipitsitsa ndi mchenga wa pansi, pamene madzi ayamba kutumphuka. Mwini chitsime amakhala akusekerera kumtunda kuti madzi apezeka, chonsecho pansi mchenga ukukokoloka, khoma latsala lopanda poponda.

Anzanga a sayansi pasukulu pano adandiŵerengera kuti dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndiye kuti matumba 30 a chimanga. Likakufika m'chifuwa, ngakhale mutu uli pamtunda, ukangotulutsa mpweya limakufinya, sungakokenso wina. Abale othamangira kudzakupulumutsa amaunjikana m'mphepete momwemo, kuwonjeza kulemera, makasu ali m'manja, osadziŵa pamene pali mutu wako.

Dziko lino lili ndi lamulo la 1997 loteteza anthu pa ntchito. Ndi labwino ndithu, koma limamveka kumene kuli kampani ndi kapitawo, monga pa ntchito za mu msewu wa M1. Kuseri kwa nyumba, kumene mnyamata akukumba chimbudzi yekha, silifikako.

Malume sadaliŵerengepo lamulolo. Komabe dothi lofukulidwa ankalitayitsa patali, phazi lalikulu kuchoka pakamwa pa dzenje. Dzenje likapitirira m'chifuwa pa malo okayikitsa, ankalikulitsa kukamwa kapena kuika matabwa. Mvula ikagwa usiku, m'maŵa ankayamba azungulira kufuna ming'alu, ndipo sankatsika popanda chingwe m'chiuno ndi munthu kumtunda. Ine zinkanditopetsa, chifukwa munthu wakumtundayo ndinali ine.

Anthu ankati madalawa ngochedwa. Ganyu wambiri ankapita kwa anyamata omaliza dzenje m'masiku atatu.