Apache, Nginx kapena Caddy: Kusankha Seva Yoyenera Ntchito

Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta amene amasunga mawebusaiti. Kasitomala akafunsa kuti pulogalamu yabwino ya seva ndi iti, ndimayamba ndamufunsa zinthu ziwiri: katundu amene sevayo isenze, ndi munthu amene aziiyang'anira.

Apache ndiye mkulu pa atatuwa. Inatuluka mu 1995, itakula kuchokera ku pulogalamu ya NCSA HTTPd imene akatswiri angapo ankathandizana kuikonza. Ubwino wake ndi kumvera. Mwini webusaiti amangolemba malamulo m'kafayilo ka .htaccess, kaya otumiza alendo ku tsamba latsopano kaya otseka foda ndi pasiwedi, ndipo amagwira ntchito pompopompo, seva osaizimitsa. N'chifukwa chake makampani obwereketsa malo, amene amaunjika mawebusaiti ambirimbiri a WordPress pa makina amodzi, amaikonda. Koma ikaikidwa m'njira yakale ya prefork, mlendo aliyense amapatsidwa wantchito wakewake, ndipo wantchito aliyense amadya memore. Anthu akachuluka, kaseva ka 1 GB kamayamba kupuma wefuwefu.

Vutoli ndi limene Igor Sysoev ankalimbana nalo pamene ankagwira ntchito ku Rambler, ku Russia. Anayamba kulemba Nginx mu 2002 n'kuitulutsa mu 2004, pa nthawi imene akatswiri ankafunafuna njira yoti seva imodzi ilandire alendo 10,000 nthawi imodzi. Antchito a Nginx ndi ochepa, koma aliyense amatumikira alendo masauzande, ngati woperekera chakudya paukwati amene saima kudikira kuti munthu amalize kutafuna. Zimenezi zimathandiza kwambiri kuno ku Malawi, kumene ambiri amatsegula webusaiti pa foni ndi netiweki yofooka: foni ikamalandira chithunzi pang'onopang'ono, Nginx imapitiriza kutumikira ena.

Komatu Nginx ndi yokhwima. Siwerenga .htaccess, ndipo PHP imaipereka kwa pulogalamu ina, PHP-FPM. Imeneyi ikagwa, mlendo amangoona tsamba loyera lolembedwa 502 Bad Gateway. Mmisiri wosamala sasintha mzere ngakhale umodzi osayamba wayesa ndi lamulo la nginx -t, chifukwa kachizindikiro kamodzi kakasowa, seva imakana kudzuka.

Caddy ndi mng'ono wawo. Matt Holt anaitulutsa mu 2015, yolembedwa m'chinenero cha Go. Imadzitengera yokha satifiketi ya HTTPS ku Let's Encrypt n'kumaikonzanso isanathe ntchito, zimene pa ziwiri zija zimafuna pulogalamu yothandizira monga Certbot kapena kutchera zina.

Choncho kabungwe kopanda katswiri wa makompyuta ndimakaikira Caddy, kuti satifiketi yawo ya HTTPS isathe ntchito mwadzidzidzi. Webusaiti ya nkhani yokhala ndi owerenga ochuluka imapita pa Nginx. Ikakhala yakale, yodzaza malamulo a .htaccess, ndimasiya Apache kumbuyo kuti izichita zimene inazolowera, n'kuika Nginx pakhomo kuti izilandira alendo ndi kugawa zithunzi.