Kufuula Si Kumveka

Pa zaka zoposa 20 zimene ndagwira ntchito ya uphunzitsi, ndakhala ndikuwauza aphunzitsi anzanga kuti mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi nayenso ali ndi makutu. Koma ine mwini sindidadziwe kulemera kwa mawu amenewa kufikira pamene kabokosi kena, kosaposa chikhatho changa, kadandiphunzitsa. Nkhani yake ndi iyi.

M'mudzi woyandikana ndi sukulu yathu mudali agogo ena aakazi odziwa nthano kwambiri. M'chaka cha 2021 ndidapita kwao masiku atatu kukajambula mawu awo pa foni, pakuti ndidaona kuti ana a makono sakhalanso pamoto madzulo kumvera akuluakulu. Mawuwo ndidawasunga m'laputopu ya sukulu. Chaka chotsatira agogowo adatisiya. Tsono komiti ya sukulu idagwirizana kuti pa tsiku lotsekera chaka makolo ndi ana adzamve nthano imodzi, ndipo amfumu pamodzi ndi adzukulu a malemuwo adaitanidwa.

Sukulu yathu ili ndi masipika awiri a mtundu umene uli ndi ampulifaya m'kati mwake, kotero kuti sipika iliyonse ili ndi nthambo yakeyake ya magetsi. Kutatsala masiku anayi ndidafuna kuyesa. Ndidatenga nthambo ya mamita 10, mbali ina ndidalowetsa m'kabowo ka mahedifoni pa laputopu, mbali ina ku masipika, ndipo ndidaika ana a Sitandade 4 kumbuyo kwa holo. Zimene zidatuluka zidandichititsa manyazi. Padali kulira kosalekeza konga kwa njuchi za m'mphako, ndi phokoso lina longa mvula yogwa pa udzu, ndipo mawu a agogo adamira m'menemo. Pamene iwo adati "phala", mtsikana wina adamva "pala". Pamene adati "khola", iye adamva "kola". Kampweya kakang'ono kamene kamasiyanitsa mawu amenewa m'chilankhulo chathu kadatayika. Ine ndidachita chimene mphunzitsi amachita ana akapanda kumva: ndidakweza mawu. Njuchi zija nazo zidakwera.

Usiku umenewo tulo sindidatione. Ndidaganiza za adzukulu aja, amene adzabwera kudzamva agogo awo akulankhulanso, ndi kubwerera atamva phokoso lokha.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. M'mawa mwake ndidapalasa njinga kupita pamsika, kwa mnyamata wokonza mafoni amene amakonzanso zoimbira za pa maukwati. Mnyamatayu ndidamphunzitsa ine mu Sitandade 5, ndipo ndivomere pano kuti nthawi imeneyo ndidamuyesa wofooka pa masamu. Atamva dandaulo langa adati, "Aphunzitsi, musagule kanthu tisanaone pamene pali nthenda." Adatseka kauntala yake, natenga kachikwama, ndipo tidabwerera limodzi.

Choyamba adazula chaja ya laputopu kuti iyendere batire. Pomwepo njuchi zidachepa. Adandifotokozera kuti magetsi a m'dziko muno amasinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi imodzi, ndipo zipangizo zolumikizana zikamadya magetsi pa masoketi osiyana, kamphamvu kosokera kamayenda m'nthambo ya mawu, ndi kumveka ngati kulira kuja. Motero adaika laputopu ndi masipika onse pa ekisitenshoni imodzi. Koma mvula ija idatsalabe, ndi timaphokoso tina tothetheka timene tidali kumveka laputopu ikamagwira ntchito.

Apo m'pamene adatulutsa kabokosi kaja, kamene amisiri amakatcha DAC. Inu owerenga, lolani ndikufotokozereni ntchito yake monga ndidaimvera. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Kompyuta siisunga kunjenjemerako, koma imakuyeza ndi kusunga manambala okha. Pa chimbale cha CD, chimene makampani a Sony ndi Philips adatulutsa mu 1982, mawu amayezedwa maulendo 44,100 pa sekondi imodzi, ndipo muyeso uliwonse umasankhidwa pakati pa masitepe 65,536. Chifukwa chake n'chakuti khutu la mwana limamva kunjenjemera kufikira maulendo 20,000 pa sekondi, ndipo kuti mawu asungike bwino ayenera kuyezedwa koposa kawiri chiwerengero chimenechi. Tsono sipika simva manambala. Payenera kukhala womasulira wosandutsa manambalawo kukhala mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika monga mawuwo, ndipo womasulirayo ndiye DAC.

Foni iliyonse ndi laputopu iliyonse ili naye womasulira wotere m'kati. Koma m'laputopu yathu yakaleyo iye adali wopanikizidwa pakati pa zipangizo zina zambiri zotulutsa phokoso la magetsi, monga munthu womasulira mlandu pakati pa msika. Sipika nayo ili ngati wolengeza wa amfumu: imakuza chilichonse chimene yapatsidwa, chabwino ndi choipa chomwe.

Kalumikizidwe kake kadali kotere. Kuchokera pa laputopu kufika pa kabokosi adaika nthambo yaifupi ya USB, yonyamula manambala okha. Kenaka adalowa m'makonzedwe a kompyuta nasankha kabokosiko kuti ndiko kazitulutsa mawu, pakuti ambiri amaiwala zimenezi ndi kudabwa kuti palibe chasintha. Kuchokera pa kabokosi kupita ku masipika pali njira ziwiri. Ina ndi ya mapulagi a RCA, lofiira la kumanja ndi loyera la kumanzere, imene ili yokwanira ngati mtunda uli waufupi. Ina ndi ya mapulagi a XLR a mano atatu, ndipo iyi ndiyo adasankha chifukwa holo yathu ndi yaitali. M'nthambo yotere mawaya awiri amanyamula mawu amodzimodzi, koma m'waya wina mawuwo ali otembenuzidwa. Phokoso la m'njira limalowa m'mawaya onse awiri mofanana. Pofika pa sipika, mawu otembenuzidwa aja amabwezedwa, ndipo phokosolo limadzifafaniza lokha. Nditamva zimenezi ndidazindikira kuti mwana amene ndidamuyesa wofooka pa masamu adali kundiphunzitsa kuchotsera.

Potsiriza adandipatsa malamulo awiri. Loyamba, masipika ayatsidwe pomalizira ndi kuzimitsidwa poyambirira, kuti kugunda kwa magetsi kusawaononge. Lachiwiri, mawu akwezedwe pa laputopu kufika pafupi ndi mapeto, koma pa masipika ayambire pansi ndi kukwezedwa pang'onopang'ono. Ine ndidali nditachita zosiyana ndi zimenezi, ndipo potero ndidakuza phokoso koposa mawu.

Pamene tidayesanso, m'holo mudali zii kufikira agogo adatsokomola nati, "Padangotero." Ana onse, ndi akumbuyo omwe, adavomera okha, "Tili tonse!"

Ndisakunamizeni kuti kabokosika ndi mankhwala a nthenda zonse. Tambala amene adalira ndikujambula akumvekabe, ndi mphepo imene idaomba pa foni ilipobe, pakuti womasulira wokhulupirika sachotsa kapena kuonjezera kanthu. Mnyamata uja adandichenjezanso kuti makompyuta ambiri atsopano ali ndi DAC yabwino kale, ndi kuti masipika olandira USB ali nayo yawoyawo m'kati, kotero kuti wogula ina akhoza kungotaya ndalama. Theka la vuto lathu lidatha ndi ekisitenshoni imodzi ndi kakwezedwe koyenera ka mawu, zinthu zosalira tambala ndi mmodzi yemwe. Chifukwa chake mphunzitsi wamkulu wosunga ndalama za makolo ayambe wayesa zaulerezo asanapite kusitolo.

Tsiku lotsekera lidafika. Nthano itayamba, mdzukulu wamkulu wa malemuwo adafunditsa nkhope yake ndi chitenje, ndipo amfumu adavula chipewa. Mawu sadali okwera kwambiri, koma palibe liwu limene lidatayika. Mwambo utatha ndidamuimiritsa mnyamata uja pamaso pa makolo ndi kumuthokoza, ndipo iye adangoti, "Ndinu mudandiphunzitsa, aphunzitsi." Mumtima ndidadziwa kuti adandikomera mtima koposa mmene ndidamkomera ine ali mwana.

Kuyambira pamenepo, ndikamva mphunzitsi akukalipa m'kalasi chifukwa ana sakumva phunziro, ndimamuitana pambali nthawi yopuma, ndipo timafufuza limodzi pamene pakulowera phokoso: kaya ndi njala ya mwana, kaya ndi mawu ovuta a m'buku, kaya ndi kafotokozedwe ka mphunzitsi mwini. Tikapapeza, nthawi zambiri sipafunikanso kufuula.