Kayesedwe ka Kakompyuta Koonetsera Kanema pa Chiponde

Pa Chiponde, pomwe pali chipata cha malire a Malawi ndi Mozambique moyang'anizana ndi Mandimba, mmisiri wokonza makompyuta amapemphedwa nthawi zina kuti ayese kabokosi kotchedwa barebone, kompyuta yokwana m'manja imene imagulitsidwa ili ndi bolodi ndi purosesa basi, yopanda RAM, yomwe imagwira zinthu makina akamagwira ntchito, komanso yopanda disiki yosungiramo mafilimu ndi nyimbo. Mtundu wodziwika ndi NUC, umene Intel idasiya kupanga mu 2023 n'kuusiya m'manja mwa ASUS.

Wogula amathamangira kufunsa za liwiro, koma mmisiri amayamba watembenuza kabokosiko n'kuwerenga mphamvu ya magetsi imene kamafuna, chifukwa makomo ambiri a m'midzi ya ku Namwera kufupi ndi Chiponde, kumene mawaya a ESCOM sadafike, amadalira sola ndi batire ya mavoti 12. Ma NUC ena amalandira mavoti 12 mpaka 19, choncho safuna invata, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa ESCOM, chimene nachonso chimadya moto wake. Komabe batire ikayamba kutha usiku, mphamvu yake imatsika kuchepera 12 ndipo makina amazima filimu ili pakati, n'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amalumikizapo kachipangizo kosunga mavoti pamlingo umodzi.

Akatero amalowetsa RAM yaifupi ya mu laputopu, atayang'ana kaye kampata kake, popeza ya DDR3 silowa pamalo pa DDR4 ngakhale aikakamize bwanji. Kenaka amaika pulogalamu yoonetsera kanema ya Kodi, amalumikiza kabokosi ku TV ndi chingwe cha HDMI, n'kuyatsa filimu ya HEVC, njira yofinyira kanema kuti asadye malo ambiri, imene mapurosesa akale amalemedwa nayo. Apa mpomwe mphamvu ya makinawo imadziwikira: amaika chikhatho pachivundikiro n'kutchera khutu ku kafani, ndipo kakayamba kulira mosalekeza zithunzi zikudukaduka, amatsegula pansi n'kuchotsa ndi kaburashi fumbi la m'chilimwe lomwe limatseka timipata totulutsira kutentha. Vuto likapitirira, ndiye kuti purosesayo njochepa mphamvu.

Pomaliza amawonkhetsa mtengo wa kabokosi, RAM, disiki ndi limoti, ndipo zikaposa mtengo wa laputopu yakale yokhala ndi batire yakeyake, amamuuza wogulayo kuti agule laputopuyo.