Ana a machona akufuna mabuku

Okondedwa amalume,

Ine kuno ku Zimbabwe ndili bwino. Msika wa fodya watsekedwa, ndiye ntchito yosankha fodya imene ndinadzera yayamba yaima. Masiku ano ndikuthandiza kuphunzitsa, mosalandira kanthu, pasukulu ina ya pafamu kunja kwa tauni ya Bindura.

Musaganize za sukulu ngati zimene munkaphunzitsako inu. Iyi ndi imodzi mwa sukulu za nthambi zimene zinabadwa boma litagawa mafamu a azungu kuyambira mu 2000. Kalasi yanga ndi balani yakale yowotchera fodya. Makoma ake ngakuda ndi utsi, ndipo kuwala kumalowera pakhomo ndi pazibowo zimene makolo anaboola okha. Ndikalowamo ndimakumbukira ubwana wanga, tikukhala kuseri kwa nyumba ya abwana a bambo, ine n'kumawerenga magalimoto opita ndi ana kusukulu ya Bishop Mackenzie. Ndinkadziona wosauka. Komatu ine ndinali ndi buku m'manja, ndiponso inu madzulo alionse.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi kaundula wa mayina. Tsiku loyamba ndikuitana ana, ndinangomva Phiri, Banda, Mbewe, Mwale, ngati ndili ku Mitundu. Awa ndi zidzukulu za anthu athu amene anabwera ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kapena wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, nthawi ya chitaganya ngakhalenso kale chisanabwere. Kwathuko timangoti machona, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuno ndawaona ndi maso. Gule wamkulu akuvinabe, maliro akulira mwa chikwathu, koma ana amayankhula Chishona. Chichewa amachimva agogo awo akamawatuma madzi, osati kuchiwerenga.

Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anatsegulanso njira ya unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'mayiko oyandikana nawo monga Malawi. Zimenezo n'zabwino, ndipo ndimayamika. Koma lamulo silifika lokha pafamu. Ana ena alibe chiphaso cha kubadwa chifukwa amayi awo nawonso alibe, ndipo mayeso a Giredi 7 akayandikira, aphunzitsi aakulu amasowa tulo.

Pakati pa sabata ndimathandiza masamu ndi Chingerezi. Loweruka, ndi chilolezo cha makolo, timakhala pansi pa mkuyu kuwerenga Chichewa. Buku ndili nalo limodzi, Buku Lopatulika limene munandipatsa pondiperekeza kudepoti. Sabata yachitatu kunabwera gogo wina wa ndodo, nakhala patali. Mdzukulu wake atamaliza kuwerenga ndime yonse mododoma, gogoyo anandigwira dzanja osalisiya. Anandiuza kuti anachoka ku Dedza ali namwali, ndipo anafunsa ngati mtsinje wa Linthipe umadzazabe m'dzinja. Ndinayankha kuti inde, mawu akundikanika. Tsopano Loweruka lililonse agogo amachuluka, ndipo amandikonza ine ndemwe ndikalakwitsa mwambi.

Amalume, m'nyumba za ku Area 3, Area 9 ndi Area 47 muli mabuku a Chichewa a ku pulayimale amene ana anamaliza nawo kalekale, angodyedwa ndi chiswe m'makatoni. Kauzeni anzanu kutchalitchi ndi aphunzitsi anzanu opuma. Ngakhale long'ambika chikuto tilandira, ndipo wina akapeza Nthondo wa Samuel Ntara asatimane. Mabasi a ku Joni amadzera pa Nyamapanda ndi mu Harare, ine ndidzakatenga katunduyo kumeneko.

Ndalembera inu, koma pempholi likupitanso kwa aliyense amene awerenge kalatayi. Chonde tumizani mabukuwo mvula isanayambe.

Ndine mphwanu,
ku Bindura