Mawanga akuda a m'kamwa

Anthu ambiri amafika kwa ife a zamano dzino likawasowetsa tulo, ndipo chimene amafuna n'kuzula basi. Ine sindithamangira dzinolo. Ndimayamba ndakweza mlomo, kusuzumira m'kati mwa masaya, kugwira lilime ndi kansalu ka gozi n'kulitembenuza uku ndi uku, kenako n'kuunika kumwamba kwa kamwa. Ndi m'menemu momwe ndimapeza mawanga akuda kapena oderako amene eni ake nthawi zambiri sawadziwa n'komwe.

Ochuluka mwa mawangawa si matenda. Ife a khungu lakuda tili ndi melanin wambiri, ndipo amaonekeranso pankhama, mofanana mbali zonse ziwiri, kuyambira paubwana. Mayi akabwera ndi mwana nkhawa ili tho, ndimangomupatsa kagalasi n'kunena kuti, "Amayi, taonani nkhama zanu." Amapeza kuti nazonso n'zotero. Fodya amadetsa nkhama zakutsogolo, ndipo munthu akasiya kusuta kudako kumazilala pang'onopang'ono. Mankhwala enanso amadetsa m'kamwa: chloroquine akamwedwa nthawi yaitali, ngakhalenso zidovudine amene ambiri ankamwa pa ma ARV. Kadontho kotuwa pafupi ndi dzino lomatidwa ndi amalgam kamakhala tizidutswa ta chitsulocho tolowa m'mnofu, ndipo nthawi zina ekisire imationetsa. N'chifukwa chake ndimafunsa kwambiri ndisanagwire chida: "Bambo, munaliona liti? Likukula? Mumamwa mankhwala anji?"

Chimene chimandiimitsa ndi banga lokhala palokha. Kawirikawiri limakhala melanotic macule, kabanga kosatupa, kosapyola sentimita imodzi, kokonda mlomo wa m'munsi, kosasintha kwa zaka. Nthawi zina limakhala nevus, m'bale wake wa timadontho tapakhungu timene timabadwa nato. Koma pali lina lotchedwa melanoacanthoma, ndipo ili ndilo limagunditsa mtima. Limapezeka kwambiri mwa anthu akuda, makamaka amayi achitsikana, limakonda m'kati mwa tsaya pamene dzino lakuthwa limakhula, ndipo m'masabata ochepa likhoza kufika masentimita angapo. Munthu amalowa atatha nzeru: "Adokotala, kodi si khansa imeneyi?" Si khansa ayi, koma sindinganene zimenezo poona ndi maso okha, chifukwa khansa ya m'kamwa yotchedwa melanoma, ngakhale ndi yosowa, imayambanso ngati banga losapweteka, makamaka kumwamba kwa kamwa ndi pankhama zam'mwamba, ndipo ikachedwa kupezeka imapha.

Pali kanjira kakale kamene ndimakakonda. Ndimatenga kagalasi kakulabu n'kukanikiza pabangapo. Ngati mtundu wachoka, ndiye kuti munali magazi m'timitsempha. Melanin sathawa galasi. Banga lofiira modera kumwamba kwa kamwa limandikumbutsa Kaposi sarcoma, imene kuno kwathu taiona kwambiri chifukwa cha HIV, ndipo pamenepo ndimakhala pansi ndi wodwalayo n'kukambirana zokayezetsa magazi.

Banga latsopano, lokula, la mitundu yosakanikirana, la m'mphepete mosalongosoka, kapena lililonse la kumwamba kwa kamwa limene ndalephera kulipezera chifukwa, ndimadulapo kanyama kokayeza. Jakisoni wa dzanzi ndimabaya mozungulira, osati pabanga penipeni, kuopa kuwononga maselo. Laling'ono ndimachotsa lonse. Lalikulu ndimadula pamene padetsetsa, kachidutswa konga njere ya mpunga, kozama bwino. Kanyamako sikafunika kukafinya ndi chopanira. Ndimakaponya msangamsanga m'kabotolo ka formalin wa 10 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa kanyamako, kenako n'kusoka. Zonsezi sizitenga nthawi, ndipo anthu amadabwa kuti zatha.

Fomu yoperekeza kabotoloko ndimailemba mosamala kuposa china chilichonse: msinkhu wa munthu, malo enieni a banga, kukula kwake, nthawi imene lakhalapo, fodya, mankhwala. Dokotala wakulabu ku Lilongwe kapena ku Blantyre sanamuone wodwala wanga, amadalira zimene ndalemba. Kumeneko amaumitsa kanyamako m'phula, kukasenga mopyapyala, kukapaka utoto wa haematoxylin ndi eosin, n'kukaika pa maikulosikopu. Mu macule amaona melanin wochuluka pansi penipeni pa khungu la m'kamwa. Mu melanoacanthoma amaona khungulo litakhuthala, maselo opanga melanin a tinthambi atamwazikana paliponse, koma onse ooneka bwinobwino.

Zotsatira zimatenga masabata, ndipo anthu akumidzi akutali ena sabwereranso, zomwe zimandipweteka mtima. Choncho ndimalemba nambala ya foni ya wodwala ndi ya wachibale wake, n'kuwaimbira ndekha. Yankho likati melanoacanthoma, ndimapala dzino lakuthwa lija kuti lisalale, ndimajambula bangalo nditaika rula pambali, n'kumuuza munthuyo kuti adzabwerenso. Nthawi zambiri podzabwera limakhala litayamba kuzilala lokha.