Kompyuta Yatsopano, Thupi Lomwe Lija

Nyanja ya Tanganyika, imene imafika m'dziko lino la Zambia ca ku Mpulungu ndi ku Nsumbu, ndiyo yaciwiri kuya pa nyanja zonse za madzi opanda mcere, ndipo pamalo pena kuya kwace kumafika mamita 1,470. Anthu ambiri a kumeneko amadya za m'nyanjayi ali pamwamba pa madzi, m'mabwato ao ndi nyali zokopera kapenta usiku. Koma alipo ena owerengeka amene nchito yao iri pansi. Iwo amabereka thanki ya mpweya kumsana, nabvala magalasi kumaso ndi zipsepse za mphira kumapazi, natsikira kumiyala ya pansi pa nyanja, ena kukagwira tinsomba tokongola togulitsa ku Ulaya, ena kuperekeza alendo obwera kudzaona tinsombato.

Mmodzi wa anthu amenewa ndi mwamuna wina wocokera ku Katete, kumene mwana amakula osaona madzi akuya kuposa a m'damu lomwera ng'ombe. Anapita kumpoto ali mnyamata kukafuna nchito ya pa doko, koma anathera m'madzi, ndipo tsopano imvi zayamba kumera ali pa nchito yoperekeza alendo. Pa mkono wace wamanzere amamangapo kabokosi kakuda kofanana kukula ndi sopo wosambira. Kameneka ndi kompyuta ya osambira pansi pa madzi, yochedwa Perdix AI, yopangidwa ndi kampani ya Shearwater ya ku Canada, ndipo mtundu umenewu unatuluka m'caka ca 2016. Iye anaigula kwa mlendo wina amene anali kubwerera kwao. Mu 2022 kampani yomweyo inatulutsa ina yochedwa Perdix 2, ndipo tsiku limene mlendo wina anafika nayo pa gombe, mwamuna wa ku Katete uja anaitembenuzatembenuza m'manja naikhumbira zedi. Mtengo wace umaposa wa ng'ombe yaikulu. Mkazi wace, amene sanalowepo m'nyanja kupitirira m'maondo, anangofunsa ngati yatsopanoyo ingamubweze mwamuna wace wamoyo kuposa yakale ija. Funso limeneli ndi lolemera kuposa m'mene limamvekera, ndipo kuti liyankhidwe mpofunika kudziwa coyamba nchito imene kabokosiko kamagwira.

Pa magawo 100 a mpweya umene munthu amapuma, magawo 21 ndi okosijeni, amene thupi limagwiritsa nchito, ndipo 78 ndi naitrojeni, amene amangolowa ndi kutuluka. Pa mtunda naitrojeni sabvuta munthu. Koma madzi ndi olemera. Munthu akatsika mamita 10 amapanikizidwa kawiri kuposa pamwamba, ndipo pa mamita 30 amapanikizidwa kanai. Mpweya wa m'thanki umalowa m'mapapu mopanikizika comweco, tsono naitrojeni amasungunukira m'mwazi ndi m'minofu monga shuga m'tiyi. Munthuyo akakwera pang'onopang'ono, naitrojeni uja amabwerera kumapapu natuluka popuma. Akakwera mothamanga, m'thupi mwace mumacitika zimene zimacitika potsegula botolo la Fanta logwedezedwa. Timathobvu timabuka m'mfundo, mumsana, ngakhale muubongo. Ena amangomva mapewa ndi maondo kuphwanya, ena miyendo imacita dzanzi nipuwala, ena amafa. Cithandizo cace ndi okosijeni ndiponso cipinda ca citsulo momwe wodwala amapanikizidwanso ndi mpweya kuti timathobvu tija tisungunuke, ndipo cipinda cotere sicipezeka pa cipatala ciri conse.

Amene anatsegula njira yopewera matenda amenewa ndi mbuzi. Dotolo wina wa ku Scotland, John Scott Haldane, pamodzi ndi anzace awiri, anali kulowetsa mbuzi m'cipinda ca citsulo ku London, nazipanikiza ndi mpweya, nazimasula pa liwiro losiyanasiyana, naona kuti ndi ziti zimene zinali kutsimphina. Mu 1908 analemba zimene anapeza: ziwalo za thupi sizilandira kapena kutaya naitrojeni pa nthawi imodzi, pakuti zina zimafulumira ndipo zina zimacedwa. Anawerengera thupi monga ngati liri ndi zigawo 5, nakonza ndandanda youza munthu pamene ayenera kuima pokwera ndi mphindi zimene ayenera kudikira. Pambuyo pace dotolo wa ku Zürich m'dziko la Switzerland, Albert Bühlmann, anakulitsa masamuwo kufika pa zigawo 16. Gawo lofulumira limataya theka la naitrojeni wace woonjezera pa mphindi zowerengeka cabe, pamene locedwetsetsa limafuna mphindi 635, ndiwo maola oposa 10. Bühlmann anamwalira mu 1994, koma masamu acewo ndiwo ali m'kabokosi ka pa mkono wa mwamuna wa ku Katete.

Kale osambira anali kunyamula ndandanda yolembedwa pamodzi ndi wochi. Mu 1983 ku America kunatuluka kompyuta yochedwa Edge, yolemera ngati kanjerwa, imene inali kuwerengera masamu otere munthu ali m'madzi momwemo. Za masiku ano ndi zazing'ono ndi zowala, koma nchito yace ndi yomwe ija. Zimayesa kulemera kwa madzi kuti zidziwe kuya, zimawerenga mphindi, ndipo zimauza munthu nthawi imene yatsala, pamene ayenera kuima, ndiponso ngati akukwera mopitirira mamita 10 pa mphindi imodzi. Kompyutayo iribe singano yolasa m'mtsempha. Sidziwa ngati mwini wace wakalamba, wanenepa, ali ndi malungo, kapena anacezera mowa usiku. Imangoganizira thupi la munthu wongoyerekeza, niyembekeza kuti thupi la mwini wace lifanana nalo.

Tsono Perdix 2 inabwera ndi ciani? Pano mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kompyuta iri yonse iri ndi thupi, ndilo galasi, zitsulo, batiri ndi mabatani, ndipo iri ndi malangizo olembedwa m'kati mwace amene amaiuza zocita, amene m'Cingerezi amachedwa firmware. Zosintha zazikulu za Perdix 2 ziri pa thupi. Galasi lace ndi lolimba kwambiri, losakandika msanga pa miyala, ndipo m'mphepete mwace muli citsulo copepuka ca titaniyamu cimene sicicita dzimbiri. Coposa zonse, m'kati mwace muli kamakina konjenjemeretsa mkono pocenjeza munthu. Cimeneci si cokongoletsa cabe. Woperekeza alendo maso ace amakhala pa alendowo, wina akutsalira, wina akuthamangira nsomba kunsi, ndipo cenjezo lolembedwa pa galasi likhoza kuwala mphindi yathunthu iye osaliona. Kunjenjemera amakumva ngakhale m'madzi a matope. Komabe pali cina cimene wogula wa ku Mpulungu ayenera kuciganizira. Makompyuta onse awiriwa amayenda ndi batiri limodzi laling'ono la mtundu wa AA, longa la m'tochi, koma kunjenjemerako kumafuna batiri la lithiamu. Ndi batiri wamba la m'kantini kompyuta yatsopanoyo imayaka bwino lomwe, koma imakhala cete monga yakale.

Za malangizo nkhani yace ndi ina. Perdix AI imalandira mau ocokera ku kacipangizo komangidwa pa kamwa la thanki, kamene kamaiuza mpweya umene watsala. Itangotuluka inali kumvera tizipangizo tiwiri tokha. Mu 2021 kampaniyo inatulutsa malangizo atsopano, ndipo Perdix AI yakale yomweyo inayamba kumvera tinai, monga m'mene Perdix 2 imacitira. Mwini wace sanalipire kanthu. Anangoilumikiza ndi foni yace pa Bluetooth, nadikira mphindi zingapo. Ndipo masamu owerengera naitrojeni m'makompyuta awiriwa ndi amodzimodzi, a Bühlmann aja. Anthu awiri atatsika pamodzi, wina ndi yakale wina ndi yatsopano, zonse zitachedwa mofanana, zidzawauza kuima pa malo amodzi kwa mphindi zofanana. Ili ndilo yankho la funso la mai uja, ndipo mwamuna wace atalimvetsa anasunga yakale, nagula mabatiri abwino ndi timphira totsekera madzi pa citseko ca batiri.

Wina asaganize kuti popeza malangizo saoneka ndi maso ndiye kuti ndi opepuka. Kampani ya Uwatec ya ku Switzerland inapanga mu 1995 kompyuta yochedwa Aladin Air X Nitrox, ya anthu opuma mpweya wosakaniza wokhala ndi okosijeni wambiri ndi naitrojeni wocepa. M'malangizo ace munali colakwa cimodzi. Munthu akatuluka m'madzi nakhala m'bwato kupuma mpweya wamba, kompyutayo inali kuwerengabe ngati akupuma wosakaniza uja, motero inali kuganiza kuti naitrojeni watha msanga m'thupi, nimpatsa nthawi yaitali koposa yoyenera polowanso kaciwiri. Anthu ena anadwala. Mu 2003 makompyuta amenewo pafupifupi 390 anaitanidwa ku America kuti abwezedwe, patapita zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa ali pa mikono ya anthu. Masiku ano colakwa cotere cikhoza kukonzedwa ndi foni pa sabata lomwe cadziwika, ndipo uku ndiko kupita patsogolo kwenikweni, kuposa galasi ndi titaniyamu. Nzeru za madotolo nazo zimasintha. Kwa zaka zambiri anthu anali kukhulupirira kuti nkwabwino kuyamba kuima munthu akali pakuya kwambiri, koma mu 2011 asilikali a pamadzi a ku America atayesa anapeza kuti oima pakuya ndiwo anadwala ambiri, ndipo osambira ambiri anasintha kacheredwe ka makompyuta ao.

Koma kulowetsa malangizo atsopano nako kuli ndi msampha wace, ndipo apa ndi pamene munthu wosamala amadziwikira. Pamene malangizo akulowa, kompyuta imaiwala naitrojeni yense amene inawerenga. Munthu amene anatsika mamita 30 m'mawa, nalowetsa malangizo pa nthawi ya nsima ya masana, nalowanso m'madzi madzulo, kompyuta yace imamuyesa munthu amene wakhala pa mtunda sabata lonse. Ncimodzimodzi ndi wogula kompyuta yatsopano kapena wobwereka ya mnzace pakati pa masiku a nchito, pakuti iyo sidziwa za dzulo, pamene minofu yace ikudziwa. Cifukwa cace mwamuna wa ku Katete salowetsa malangizo atsopano tsiku lomwe wamva kuti atuluka. Amadikira masiku a mphepo, pamene mafunde aletsa mabwato ndipo thupi lace lapuma, ndipo akatha amayang'ananso zochera zonse cimodzicimodzi, ngati mpweya walembedwa woyenera ndiponso ngati madzi alembedwa opanda mcere, popeza madzi a mcere ndi olemererapo ndipo kuya kumene kompyuta imaonetsa kumasiyana pang'ono.

Palinso cina cimene cimakhudza nyanja ya Tanganyika makamaka. Ndandanda zoyamba zinakonzedwera nyanja zamcere, koma madzi a Tanganyika ali mamita pafupifupi 770 pamwamba pa nyanja zamcerezo. Kumeneko mpweya wa pamwamba ndi wopepukirapo, ndipo munthu wotuluka m'madzi amamasulidwa koposa wa ku Dar es Salaam, motero timathobvu timabuka mosabvuta. Bühlmann anali kudziwa zimenezi bwino cifukwa dziko la kwao liri ndi nyanja za m'mapiri, ndipo masamu ace amawerengera kukwera kwa malo. Perdix yakale ndi yatsopano zonse zimayesa zokha kulemera kwa mpweya wa pamwamba, koma opanga ace amalangiza kuti munthu aziyatse ndi dzanja asanalowe m'madzi, osadikira kuti ziyake zokha, makamaka ku malo okwera. Ogwira nsomba za pansi kwambiri, monga zija za mphumi yotupa zochedwa frontosa, amadziwa za kukwera mofatsa ngakhale popanda buku, pakuti nsombazo amaziika m'zikwere pansi pa madzi nazikweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo, kuopa kuti kathumba ka mpweya ka m'mimba mwace kangatupe nsomba nkufa. Ncomvetsa cisoni kuti nthawi zina nsomba imasamalidwa koposa mnyamata woigwira.

Ngozi yotsiriza iri pa mtunda. Madotolo a za osambira amalangiza kuti munthu asakwere ndeke mpaka patapita maola 12 ngati analowa m'madzi kamodzi, ndi maola 18 ngati analowa kangapo kapena masiku otsatizana, cifukwa m'mwamba mpweya umapepuka ndipo naitrojeni wotsala uja akhoza kubuka. Alendo ambiri amadziwa za ndeke. Cimene amaiwala ndi mseu. Kucoka ku Mpulungu kupita ku Mbala ndi makilomita pafupifupi 40 okha, koma Mbala ali pa mamita pafupifupi 1,670, ndiye kuti galimoto imakweza munthu mamita 900 pasanathe ola limodzi, ndipo wopita ku Kasama kapena ku Lusaka ayenera kukwera citunda comweco. Pa nthawi imeneyo kompyuta, kaya yakale kaya yatsopano, imakhala itazimitsidwa m'cikwama. Mwamuna wa ku Katete amatsiriza kusambira kwa tsiku lomariza dzuwa lisanafike pamutu, sapitirira mamita 12 pa tsikulo, ndipo alendo ace amagona ku gombe nanyamuka m'mawa mwace.